Anawapaka agogo nkhope

Kkkk ndiyambe ndi a Casimiro. Mdala ameneyu wakhala akuwanena agogo anga a Evelio kuti ndi abodza, tsiku lililonse akamasewera domino pakhonde. Agogo amati iwo ndi munthu wakuda woyamba kusewera besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo aja, mu timu ya kalabu ya azungu mumzinda wathu uno wa Matanzas. A Casimiro amangoti, "Umboni uli kuti achimwene? Inu munkangowanyamulira zikwama."

Ndiye Loweruka tinamva kuti kusukulu kwathu apachika zithunzi zakale za timuyo. Agogo anavala shati yawo yakutchalitchi nkuwakoka a Casimiro, ine pambuyo ndi foni yanga.

Tinachipeza chithunzicho, anyamata 14, onse oyera mbee. Agogo analoza wachitatu kumanzere. Ine kuseka mpaka misozi, ndati agogo munali mzungu kodi kkkk. Mphuno ndi yawo ndithu koma nkhope ngati anagwera mu ufa.

Agogo sanaseke. Anati wojambula anawapaka utoto woyera kunkhope pachithunzipo asanachitumize ku nyuzipepala, kuti eni kalabu asachite manyazi. Iwo anangomva, anali asanachionepo.

"Uyu si inu," anatero a Casimiro, koma motsitsa mawu.

Agogo anaika dzanja lawo pagalasi la chithunzicho. Dzanja logwira mpira pachithunzipo linali lakuda bii, chala chapakati chokhota ngati chawochi. Wopaka uja analiiwala.

A Casimiro anavula chipewa. Agogo anandiyang'ana nkuti, "Yaneisy, jambula dzanja lokhalo. Nkhopeyo isiye."