Mzere Woyera pa Nati

Singano ya geji inali itagona pansi, ngati kuti dzulo lake sindinathire n'komwe gasi woziziritsa m'galimotomo. Kameneka kanali kachinayi. Ndinaima nditagwira boneti, thukuta likulowa m'maso, malata a galaja akuthetheka ndi dzuwa pamwamba panga.

"Wathawanso?" anafunsa Bambo ali pampando wawo pafupi ndi chitseko.

"Wathawanso, Bambo."

"Ndiye iwe Mafiriji, kumene ukupitako ukawapatsa ntchito yotereyi? Yochucha ngati dengu?"

Mafiriji ndi dzina limene anandipatsa nditakana umakaniko wawo n'kukaphunzira zokonza mafiriji. Galimoto ya Bamboyo inali yakale kuposa ine, ya mabampa onyezimira ndi chiwongolero chachikulu ngati lichero. Anaigula asanakwatire Amayi, ndipo ndikukayika ngati ife ana ankatipukuta mmene ankaipukutira iyo. Amayi atamwalira, matenda ofa ziwalo anawapundula Bambo dzanja lamanja. Kuyambira pamenepo galimoto sinatulukenso m'galaja, ndipo ine sindinatulukenso pakhomopo.

Kenako ndinapeza ntchito kumzinda wina, pakampani yomanga zipinda zozizira. Mkazi wanga anatsogola ndi ana kuti akayambe sukulu. Bambo anakaniratu kusiya nyumba yawo, choncho ndinagwirizana ndi msuweni wanga kuti adzakhale nawo.

"Ine sindikukuletsa," anatero Bambo. "Koma undiikire kaye eyakoni yoziziritsa m'galimotomu, kuti msuweni wakoyo akamandipititsa kuchipatala ndisamapse."

Galimotoyo inabadwa yopanda eyakoni, ndiye chilichonse ndinachita kupanga ndekha. Kompuresa yopopa gasi ndinaichotsa paminibasi yakufa, ndinawotcherera chitsulo choigwirizira pa injini, ndinasaka lamba wokwanira m'mashopu asanu. Mapaipi ndinawapindira pabondo, ndipo kabokosi kotulutsa mpweya ndinakabisa pansi pa dashibodi mwakuti munthu akanati kanachokera kufakitale. Inali ntchito ya milungu iwiri. Tsopano miyezi iwiri inali itatha.

Lachisanu limenelo foni inalira ndili pansi pa galimoto.

"Abwana anu anandipeza pamsewu," anatero mkazi wanga. "Akuti Lolemba mukapanda kuoneka alemba wina."

"Kwangotsala pang'ono, mayi."

"Pang'ono pameneko mwakhala mukunena kuyambira liti? Wamng'onoyu wasiya kufunsa za inu. Ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndi galimoto?"

Mtima unandiwawa, ndipo ndinawakwiyira onse, mkazi wanga, Bambo, ngakhale Amayi amene anatisiya.

Ndinasungunula sopo m'kachitini n'kuyamba kupaka thovu paliponse pamene mapaipi akumana. Kumbuyo kwa kompuresa, pa nati imodzi, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono. Nati yomweyo ndinali nditaimanga kale katatu. Ndinaisinthirapo mphira, ndinasinthanso paipi yake, mpaka ndinayamba kudzikayikira ngati ntchito ndimaidziwadi.

Ndinapukuta thovulo, ndipo m'pamene ndinaona mzere.

M'galaja la Bambo munali lamulo limodzi: nati iliyonse ukaimanga, uilembe mzere wa penti yoyera kuchokera pa natiyo kufika pachitsulo, kuti ikasuntha uone. "Nati yopanda mzere ndi nati yabodza," ankatero, ndipo ndinadyerapo makofi ndili mwana. Mzere unalipo, wolumikizana bwino, wosonyeza kuti palibe chasuntha. Koma unali wokhotakhota, wonenepa kumapeto, penti itadonthera pansi pake. Cham'mbali munkaoneka pamene mzere wanga wakale unapalidwa ndi mpeni.

Sipanala itangogwira, nati inazungulira pang'ono. Munthu wina akanaimasula n'kuisiya choncho, ine sindikanadziwa mpaka lero. Koma Bambo sakanatha kusiya nati yopanda mzere, ngakhale nati imene aimasula okha, ngakhale ndi dzanja lamanzere.

Ndinacheuka. Anali akuyang'ana kunja, m'kanjira kopita kugeti.

Ndinamanga natiyo, ndinapopa mpweya wonse m'mapaipi, ndinathira gasi, ndipo Loweruka lonse sindinachoke pagalimotopo, ngakhale chakudya ndinadyera pomwepo. Kiyi wa galaja ndinagona naye m'thumba. Lamlungu masana singano inali ili chilili pamene ndinaisiya.

"Bambo, bwerani tiyese."

Ndinatsegula zitseko zonse za galaja n'kuwanyamulira kumpando wakutsogolo. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Injini inalira, kompuresa inagwira, ndipo ndinakweza mawindo onse. Phokoso la kunja linazimiririka. Mpweya wozizira unayamba kutuluka, ukununkhira zikopa zakale za mipando.

"Eee," anatero Bambo. "Koma Mafiriji ntchito umaitha."

M'zaka makumi anayi aka kanali koyamba kundiyamikira. Ndinawayang'ana. Anali atakweza kolala ya jekete, dzanja lamanzere litafumbata lamanja lija, chibwano chikunjenjemera. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene ndinkazidziwa kale: chidwalireni, Bambo ankamva kuzizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Masokosi awiriawiri ndinkawaveka ndine.

"Ndizimitse?"

"Ayi, isiye. Ikuzizira bwino."

"Mzere uja ndauona, Bambo."

Anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa sipanala yaing'ono, imene chogwirira chake chinali ndi madontho a penti yoyera. Anaiika pamiyendo panga.

"Dzanja ili silinaphunzire kulemba," anatero. "Msuweni wako abwera liti?"

"Mawa m'mawa."

"Ndi mwana wabwino. Kungoti amalankhula ngati wailesi." Anayesa kuseka, mano akugundana. "Basi yako ndi yanthawi yanji?"

"Ya faifi, madzulo ano."

"Pita, mwana wanga. Usachedwe. Mwana wa mwini uja wadikira mokwanira."

Akanakalipa, ndikanapita. Akanalira, mwina ndikanapitanso. Koma anangokhala phee akuyang'ana khoma la galaja kudzera pagalasi, pamene pankapachikidwa dengu la Amayi la kumsika.

Ndinazimitsa injini, ndinawanyamula kukawagoneka, ndinawafunditsa mabulangete awiri. Chikwama changa chinali pakhomo, chomangamanga kuyambira mwezi watha. Ndinabwerera m'galaja kukatseka boneti.

Foni inayamba kulira m'thumba. Ndinaisiya ilire mpaka inatopa, n'kuyambanso. Sipanala ya Bambo inali idakali m'manja mwanga, ndipo inalowa pa nati ija ngati inazolowera njira. Sindinaimasule kwambiri. Ndinatchera khutu mpaka ndinamva kamluzu kakang'ono ka gasi akuthawa, kamene munthu wosadziwa ntchito sangakamve.

Kenako ndinapala mzere wakale ndi mpeni, ndinaviika kaburashi m'chitini cha penti, n'kulemba wina. Wanga unali wowongoka bwinobwino.