Apongozi Akwirira Dzenje la Pamwezi

Mphunzitsi wa sayansi anaumba dzenje la pamwezi ndi simenti, pathabwa lalikulu ngati chitseko, m'galaja mwa apongozi ake. Linali loti apite nalo ku chionetsero cha masukulu Lolemba. Ahedi anali atanena poyera kuti akabwerakonso chimanjamanja, labotale yake aisandutsa mosungira matsache.

Dzenjelo linali ndi zonse: mlomo wotukuka kuzungulira, makoma otsika ngati masitepe, pansi pafulati, ndi kaphiri pakati, kamene kamatumphuka nthaka ikabwerera m'mwamba chimwala chitagunda. Kunja anawazako laimu, kusonyeza mizere yoyera ya fumbi lomwazika.

Loweruka madzulo anapeza apongoziwo akutsuka fosholo, akuimba mluzu. Mkuluyu anakalambira pa ntchito yokwirira maenje a mumsewu.

"Mkamwini, musavutike n'kuthokoza," anatero. "Ndakukonzerani."

Dzenje lonse linali litadzazidwa simenti, kusalala see! Kaphiri kanali katamira. Mlomo wokha ndiwo unkaonekera.

"Bambo, dzenje limeneli linali ladala."

"Onse amatero. Analikumba ndani?"

"Chimwala chochokera mumlengalenga. Kumwezi kulibe mvula kapena mphepo, ndiye dzenje limakhala choncho zaka mamiliyoni."

"Mamiliyoni! Popanda wokadandaula ku ofesi?"

Mkazi wa mphunzitsiyo anasuzumira pakhomo n'kumunong'oneza. "Bambo a mwana, musawakalipire. Chipumireni pa ntchito sanaimbepo mluzu."

Mphunzitsi anagogoda simentiyo ndi chala. Inali itagwira kale. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga penti yotuwa n'kupaka pamene apongozi anasalaza.

Lolemba anauza oweruza zoona zokhazokha. Maenje ena akale a pamwezi, anatero, anadzaza ndi chiphalaphala chotentha chochokera pansi, chimene chinamiza kaphiri ndi masitepe, n'kuuma, n'kusiya mlomo wokha. Woweruza wina anasisita pamwamba pake, nati chibadwire sanaonepo chiphalaphala chosalala chonchi. Anamupatsa mphoto yachiwiri, ndipo ahedi anamugwira chanza ndi manja awiri.

Apongozi, amene anabwera atavala jekete, anamvetsera zonse ali kumbuyo. Anthu atabalalika, anakokera mkamwini wawo pambali.

"Ndiye mukuti ena anakwiriridwa kale?"

"Ena, bambo. Ambiri akadali apululu."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndikuwadziwa antchito otere. Amayamba bwino, bwana akangochoka n'kukhala pansi."