Wezulo wa Adimirali Pellworth

Ku North York, m'dziko la Canada, kuli nyumba ina yosamalira okalamba, ndipo pa nsanja yake yachitatu panali sitima yankhondo. Musaseke. Inalibe madzi, inalibe mizinga, zenera lake limayang'ana pokwerera basi, koma mwiniwake ankati ndi sitima, ndiye inali sitima basi.

Mwiniwakeyo anali mdala wina wa ku Mangalande, a Eugene Pellworth, okalamba mpaka khungu kuonekera mitsempha. Pa nthawi yawo anali Adimirali, kunena kuti mkulu wa asilikali a pamadzi. Usilikali anaulowa ndevu zisanamere, anasanza m'nyanja zonse za dziko lapansi, anakwera maudindo mpaka kulamulira gulu lonse la sitima. Kenako anavula yunifolomu n'kukakhala m'nyumba ya malamulo, kumakangana ndi anzawo za sitima zomwezo. Akazi awo atamwalira mutu unayamba kusokonekera, ndiye mwana wawo Cynthia anakawatenga n'kubwera nawo ku Canada. Atafika m'chipinda chawo pa nsanja yachitatu ija anangotseka pakamwa. Phala ayi, mankhwala ayi, moni ayi. Ankangokhala pa mpando wamatayala kumayang'ana mabasi.

Wowasambitsa ndi kuwadyetsa anali Salim, mnyamata wa ku Makanjira, wachibwana chosachiritsika. Uyu ndi uja anauza nesi watsopano kuti chikepe cha m'nyumbamo sichiyenda ukapanda kuchipatsa moni, mtsikana wa eni n'kumachilonjera sabata yathunthu. Tsiku lina akufuna masokosi m'dilowa ya Adimirali anapeza kachitsulo konga kaliwo kosutira fodya, kali pa tcheni. Anakayang'ana, n'kuona kuti ndi wezulo. Pompo nzeru zoipa zinabwera. Anabisala kuseri kwa chitseko kudikira Anti Joan, nesi wamkulu wa pa nsanjapo, mayi wa ku Chipata amene sachedwa kudzidzimuka.

Anti Joan atangolowa ndi thileyi, Salim anauzira ndi mphamvu zonse. Thileyi uko, makapu uko.

"Iwe Salim! Uzanipaya na BP, chimwana chosamvera iwe!"

Salim anali asanayambe n'kuseka komwe pamene anamva mawu ena kumbuyo kwake, mawu okhuthala amene sanawamvepo chiyambire ntchito.

"Ndani waimba zonyansazo pa sitima yanga?"

Adimirali anali ataimirira. Munthu woti ankachita kumunyamula, ataimirira yekha, dzanja litagwira zenera, maso ali psuu.

"Ndine, bwana," anatero Salim.

"Bwera kuno. Wakugwiritsa choncho ndani? Ukuyesa ndi nthochi?"

M'mawa umenewo Adimirali anadya phala lonse, chifukwa mkulu wa sitima sangaphunzitse mbuli ali ndi njala. Anamuonetsa kagwiridwe kake: chitsulo pachikhatho, zala zikutseguka ndi kutseka pamwamba pa kabowo. Liwu liyambe pansi, likwere, likhale m'mwamba pang'ono, kenako litsike bwinobwino. Anati wezulo ameneyu amaimba munthu wotchedwa bosani, kapitawo wa pa sitima, mkulu akamakwera kapena kutsika. Kuyambira tsikulo Salim dzina linatha. Anali Bosani.

Ndiye zinakhala choncho. Adimirali akamatuluka kupita kodyera, Salim pakhomo, njo, wezulo. Akamabwerera, wezulo. Ndipo tsiku lililonse, pokwera paja, liwu limathyoka n'kulira ngati nkhuku yopondedwa.

"Bosani!"

"Bwana!"

"Mphaka wafa kuti?"

"Sanafe bwana, wangokomoka."

"Bwereza!"

Oyang'anira nyumbayo anayamba adandaula za phokoso, koma ataona sikelo ya Adimirali ikukwera anangotseka makutu. Anti Joan ankati, "Nizakuripota, mark my words," uku akumusungira Salim wezuloyo m'thumba mwawo akaiwala.

Posamba m'pamene nkhani zimatuluka. Dzulo Adimirali sankalikumbuka, koma zakale zinali mbee. Anamuuza za nthawi imene anatumidwa ndi sitima yankhondo kukalimbirana nsomba ndi anthu a ku Iceland, masitima kumagundana mbali m'madzi ozizira. Salim anaseka mpaka sopo kugwa.

"Bwana, sitima yankhondo chifukwa cha nsomba? Kwathu timangotukwanizana, wina n'kudula ukonde wa mnzake, basi nkhondo yatha."

"Mukanakhala ndi Adimirali mukanapambana."

"Tili naye bwana, ndi apongozi a malume anga."

Za ku nyumba ya malamulo sankazikonda. Ankati kumeneko munthu amakumwetulira uku akukubowolera sitima kunsi. Anamenyera kuti masitima ena asagulitsidwe, anagulitsidwabe, iwo n'kupatsidwa mendulo yoti atonthole.

Koma nkhani imene inkabwera kawirikawiri inali ya Victor. Victor anali mnyamata wa kukhitchini pa sitima yawo yoyamba kuilamulira, wosenda mbatata. Namondwe atawapeza pakati pa nyanja, funde linamukokolola akukataya makoko. Anazungulira kumufuna mpaka mafuta kutsala pang'ono, osamupeza.

Tsiku lina atafika pamenepo anagwira dzanja la Salim, sopo ali thovu m'khosi.

"Bosani, ukudziwa lamulo? Wamoyo timamuimbira pokhapokha ali wamkulu. Koma wakufa akamatsika sitima timamuimbira aliyense, ngakhale wosenda mbatata. Victor anatsika popanda wezulo, ngati makoko ake omwewo. Sindinagonepo bwino chiyambire." Anapuma. "Ine ndikamadzatsika, udzakhale pakhomo."

"Aa, bwana, inu mudzatiika tonse."

"Ndati udzakhale pakhomo."

Salim anasiya kuseka. "Ndidzakhalapo, bwana. Insha Allah."

"Ndipo usadzaphe mphaka."

Linali Lachiwiri, mwezi wozizira kwambiri pa chaka, Salim ali pa ofu. Foni inalira akukazinga mazira. Anali Anti Joan, mawu ali pansi.

"Salim, mwana wanga, mdala wako wapita. Kuseni kwamene kuno. Cynthia tamuuza kudala. Nili busy, nizakutumira foni."

Foni inaduka. Salim anazimitsa chitofu, anatenga jekete, anatenga wezulo amene anali naye m'thumba la yunifolomu, n'kutuluka akuthamanga.

Apa ndiye mvetsani. Fulati ya Salim ndi nyumba ya okalamba ija zinali moyandikana, ukaima pakhonde pake denga lake umaliona. Koma iye sanalowere kumeneko. Kwawo munthu akamwalira, kaya kuchipatala kaya kuti, thupi limathamangira kunyumba kwa abale. Kumeneko n'kumene amalisambitsa, kumeneko n'kumene anthu amasonkhana, ndipo pochoka pakhomo pamenepo ndiye ulendo weniweni. Maliro saitanira. Komanso sachedwa, ukazengereza upeza aika. Okalamba ena anamwalirapo pa nsanja ija iye ali pa ntchito, koma ankangopeza bedi layalulidwa, iye n'kumati abale awatengera kwawo. Sanafunsepo. Ndiye m'mutu mwake Adimirali anali kale pa msewu wopita ku Markham, kwa Cynthia, kumene anawaperekezako tsiku lina la Khirisimasi.

Ku Markham wopanda galimoto amavutika. Sitima ya njanji yapansi pa nthaka, kenako basi, kenako kudikira basi ina pamphepo mpaka makutu kuuma. M'njira monse ankayeserera zala pa wezulo m'thumba, tsegu, tseke, tsegu, tseke. Ankaganiza zoti akafika akapeza magalimoto ndandanda, azibambo panja, azimayi m'nyumba, akapempha kuti amulole kuthira nawo madzi, popeza msana umenewo ankaudziwa kuposa wina aliyense.

Anapeza nyumba ili zii. Makatani otseka, chipale chofewa pakhomo chopanda ndi phazi limodzi lomwe. Anagogoda, anaimba belu, anagogodanso. Mzungu wa nyumba yoyandikana anasuzumira pazenera n'kubwezeretsa katani.

Anaimbira Anti Joan.

"Anti, maliro ali kuti? Ndili pakhomo pa Cynthia, palibe munthu."

"Uli kuti?"

"Ku Markham."



"Mayo ine. Salim, ku Markham wayendako kuchita chani? Mdala enze kuno! Enze mu room mwake m'mawa monse. Nenze kuyangana pa door kuti uzabwera manje manje. Ninabapempha ba funeral home kuti bayembekezeko, bayembekeza, manje bali na schedule."

"Auzeni ndikubwera! Anti chonde, ndikutenga takisi ya Uber pompano!"

"Bapita, mwana wanga. Bangochoka."

"Atulukira pati?"

Anti Joan anayamba kukamba zina.

"Anti, atulukira pati?"

"Ku back. Mu lift ya laundry. Ndiye mwamene bamachitira, kuti bena basaone."

Salim anakhala pansi pa masitepe a eni, pa chipale pomwepo. Munthu wolamulira masitima, wotsutsana ndi nduna, anatsika m'chikepe cha zovala zakuda pamodzi ndi matawulo. Bosani wake ali ku Markham, kulondera chitseko chotseka.

Sabata imeneyo palibe amene anapusitsidwa pa nsanja yachitatu. Nesi watsopano uja anafika pofunsa ngati Salim akudwala. Iye ankangodikira uthenga wa tsiku loika, kuti mwina akaimbe kumanda. Uthenga sunabwere.

Cynthia anabwera yekha kudzalongedza katundu, maso otupa, atanyamula makatoni. Mayi wabwinobwino, sanali woipa ayi. Tsiku lija anali ku ofesi, anachoka kumeneko n'kulunjika kwa okonza maliro. Anamukumbatira Salim n'kumuthokoza kuti bambo ake anawabwezera mawu.

"Madamu, mwambo uli liti?"

"Oh, Salim. Palibe amene wakuuza? Tinawatentha Lachisanu, tinali apabanja okhaokha. Phulusa lapita kale ku Mangalande. Asilikali akalimwaza panyanja, akachita zonse, ndi wezulo yemwe. Akawalemekeza, usadandaule."

Kuwatentha. Salim anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi chimodzi.

"Koma sitima yawo inali ino, madamu."

Cynthia anamuyang'ana, kenako anayang'ana zenera, mpando wamatayala, mabasi panja.  Anatsegula kabati n'kutulutsa jekete lakuda la Adimirali, la mabatani agolide, mizere yagolide m'mikono, lili m'pulasitiki. Analikoleka pamkono n'kufunsa Anti Joan njira ya kumbuyo, kumene anaimika galimoto.

"No, my dear," anatero Anti Joan. "Iyi izapita ku front."

Anatsika atatu m'chikepe cha anthu. Pakhomo lalikulu Salim anatsogola n'kuima pambali, miyendo pamodzi, chifuwa patsogolo, yunifolomu yake yobiriwira ili ndi banga la phala. Cynthia anachotsa pulasitiki ija, ananyamula jekete m'manja awiri n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Agogo ena amene ankaotha dzuwa pagalasi anatembenuza mipando.

Salim anaika wezulo pakamwa. Liwu linayamba pansi, bwinobwino. Linayamba kukwera. Koma pamwamba paja, pomwe paja, linathyoka n'kulira ngati nkhuku yopondedwa.

Anasiya. Anaima choncho, wezulo ali pakamwa, kudikira.

Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, jekete linatuluka, chitseko n'kudzitsekanso. Salim anadikirabe. Palibe amene anafunsa za mphaka.