Voti Yomaliza ya Elihu Crandall

"Munda wakumtsinjewu ndi wa banja la Crandall, mlamu," anatero Lemuel. "Sindikukuthamangitsani lero ayi. Koma dzinja lozizirali likatha, mubwerere kwa abale anu."

Thirza anayang'ana amayi ake. Mayiwo, a Josette, ankangopinda malaya a malemu amuna awo. Bambo ake a Thirza, a Elihu, mng'ono wake wa Lemuel, anali atangoikidwa kumene. Mtembo wawo unabwera pangolo kuchokera ku Khonsolo ya chigawo chatsopanochi, kumene anthu anawasankha kuti azikapanga malamulo.

"Bambo aakulu, mundawu anauswa ndi amayi," anatero Thirza.

Lemuel anati, "Ukwati wake uti? Wa mwambo wa Amenomini, mtundu wa amayi akowa, wopanda m'busa, wopanda woweruza? Lamulo silikuudziwa. Iwenso silikukudziwa."

Thirza anapsa mtima.

Panja panaima hatchi. Analowa a Varnum, phungu mnzawo wa malemu, munthu amene dzina lake m'nyumbamo linkatchulidwa potukwana pokha. Anabweretsa chishalo cha a Elihu.

Lemuel anamwetulira. "Mwafika bwino, a Varnum. Tawauzani awa za lamulo."

A Varnum anatula chishalocho pansi, osayang'ana aliyense.

"Lamulo lasintha. Maukwati otere ndi ovomerezeka tsopano, mkazi ndi ana ndiwo eni chuma."

"Bodza!" anakuwa Lemuel.

"Ndinalipo. Tinagawikana pakati ndi pakati. Titamva kuti Elihu ali chigonere ndi chibayo, tinafulumizitsa voti. Tikuti tiyambe kuwerenga, tinangoona anthu akulowa atamunyamula pachitseko cha nyumba ya alendo. Dzanja analikweza molichirikiza ndi linzake."

"Nanga inu munali mbali iti?" anafunsa Thirza.

"Yokana, mwanawe. Ananditcha mbava pamaso pa onse, uku akutsokomola magazi. Titatuluka anatuma munthu kuti ndikadye naye. Ndinapita. Kunacha atatisiya."

Lemuel anaimirira, nkhope itagwa, n'kulunjika kukhomo. Thirza anamutsegulira yekha, mtima uli m'malo koyamba chiikireni maliro.

"Tseka, Thirza," anatero amayi ake.

A Josette anatsitsa mbale zinayi, n'kuyamba kugawa nyama ya gwape. Nthuli yaikulu anaiika m'mbale ya Lemuel.

"Mng'ono wanu akanayamba wakutukwanani kaye, alamu," anatero. "Ine sinditha. Khalani pansi, mudye."