Azakhali a Capitán

Hermides wa ku Soledad ankaweta njoka za boa kuseri kwa nyumba, ndipo pa zonsezo mtima wake unali pa yamphongo yotchedwa Capitán, ya mawanga oyalana bwino kumsana. Ankauza aliyense, ngakhale wogulitsa mapeyala, kuti magazi a Capitán ndi osasakaniza.

Tsiku limene njoka yaikazi ya Capitán inabereka, Hermides anatsegula bokosi n'kuuma thupi. Tiana tambiri tinali ndi mawanga, koma tingapo tinali ndi mzere kuchokera kumutu mpaka kumchira. M'dera lonselo njoka yamzere inali imodzi yokha: General, ya mlamu wake Otoniel, imene Hermides ankainyoza kuti inajambulidwa ndi rula.

"Zoraida!" anakuwira mkazi wake. "Ndili ku maliro ku Cartagena, njoka ankandisungira ndani? Si achimwene ako? Analowetsa chinjoka chawo kwa mkazi wa Capitán! Pano asadzapondenso."

"Inu, imwani kaye khofi," anatero Zoraida. Koma munthu anali atatuluka kale, atavala nsapato zosiyana.

Anapeza Otoniel akusenda chinangwa pakhonde. Mlamuyo anamva mlandu wonse, kenako anaseka mpaka mpeni kugwa.

"Alamu, General ndi wamkazi."

"Wamkazi bwanji, dzina lake General?"

"Ndinamutcha ali kakang'ono. Mukanasiya kumunyoza n'kumuyang'ana kumchira, mukanadziwa. Ndipo bambo wa Capitán wanuyo anabadwa mimba imodzi ndi General. Mzere umabisala m'magazi, alamu. Umatuluka pokhapokha bambo ndi mayi onse akaunyamula mobisa. Tianato ndi ta Capitán, ndipo mzerewo theka ndi wake."

Hermides anakhala pansi osauzidwa. Chimwemwe chinalipo, poti Capitán sanaberedwe mkazi. Koma manyazi ndiwo anamugwira kwambiri, ndipo chimene chinamuopsa n'chakuti Zoraida akamva kuti watukwana mlongo wake pachabe, m'nyumba simukhalika.

"Zathera pompano, eti alamu?" anafunsa ndi mawu a mwana wobera shuga.

"Zithe bwanji? Amene mwawanamizira chigololo si ine ayi. Akuluakulu ali mkatimu."

Otoniel anatulutsa General n'kumuyala patebulo. Njokayo inatambasuka mwaulesi, mzere wake uli nyezinyezi, lilime likutulukatuluka. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza kale pampanda, poti mkangano wa alamu sufuna kuitanira.

Hermides anayang'ana anthuwo, anayang'ana mlamu wake, napeza kuti pothawira palibe. Anavula chipewa, nawerama pang'ono pamaso pa General.

"Mwaswera bwanji, azakhali? Pepani, sindinakuzindikireni. Adzukulu anu afika bwino."