Magazi a Munyama

Anthu anabwera ndi Danwell Zimba pa ngolo dzuwa lili paliwombo, m'chaka cha 1947, ntchafu itang'ambidwa ndi nyanga ya nkhunzi yake yomwe. Haswell Nyirenda, wothandiza adokotala pa chipatala cha mishoni kufupi ndi boma la Lundazi, ndiye anatuluka ndi machira kukamulandira. Atavundukula bulangete n'kuona nkhope, anamuzindikira.

Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, Haswell ankayenda m'midzi ya kwa Kapichila ndi gulu lofufuza matenda a kaodzera. Ntchito yake inali kubaya anthu pa chala n'kupaka kadontho ka magazi pa galasi. Masiku amenewo mbiri ya banyama inali ponseponse: ankati kuli anthu ogwira anzawo n'kuwapopa magazi kukapereka kwa azungu. Danwell, yemwe ankasirira dambo la a Nyirenda kuti azidyetsako ng'ombe zake, anaimirira pa bwalo n'kuloza Haswell kuti ndi munyama. Anthu anatentha nyumba ya Haswell ndi nkhokwe yake. Faides, mkazi wa Haswell, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Pothawa anagwera m'chigwembe, ndipo anataya magazi mpaka kutsirizika asanafike naye pa msewu. Haswell atamuika m'manda anapita ku nkhondo. Kumeneko, m'mahema a asilikali ovulala, n'kumene anaphunzira za mitundu ya magazi.

Adokotala, mzungu amene nayenso anali ku nkhondo, anasoka bala msangamsanga.

"Mtsempha ndamanga, Nyirenda, koma magazi amuthera. Akapanda kulandira ena safika madzulo. Yeza ake, uyezenso abale."

Haswell anadontheza magazi a Danwell pawiri pa kambale koyera, n'kuwasakaniza ndi mankhwala a m'timabotolo tiwiri. Sanaundane konsekonse. Unali mtundu wa O. Munthu wotere amatha kupatsa aliyense, koma iyeyo salandira kwa wina kupatula wa O mnzake.

Operekeza ngolo anali asanu ndi mmodzi. Anayi atangoona singano anakaima patali pansi pa mitengo ya mango. Anatsala Tryphena, mkazi wa Danwell, ndi Anderson, mng'ono wa Danwell. Magazi a Tryphena anaundana mbali imodzi ngati chambiko: A. A Anderson anaundana mbali inayo: B.

Haswell anayang'ana kambaleko nthawi yaitali. Adokotala anali kwa wodwala, ndipo sakanabwereza kuyeza. Kukanangokwanira kunena kuti a Anderson agwirizana. Ku nkhondo anaonapo msilikali atapatsidwa magazi olakwika: kunjenjemera, kulira msana, mkodzo wakuda bii. Kapena akanangokhala chete osaulula kuti iye mwini ndi wa O, popeza pa chipatalapo palibe ankadziwa.

Koma anasuzumira pa bedi. Danwell anali chikomokere, milomo itayera. Akanafa choncho osadziwa kanthu, osaona nkhope ya amene wamusiya kuti afe, ndipo kumudzi akanamuimbira nyimbo ngati mkulu wa mpingo. Faides sanafe ali m'tulo. Anafa akuitana dzina la mwamuna wake.

Tryphena anagwada pakhomo.

"A Nyirenda, zimene tinakuchitani tikuzidziwa. Koma chonde adada, pali ana."

"Dzukani amama. Magazi anu sakugwirizana ndi awo, a alamu anunso ayi. Akalowa m'thupi mwawo awapha. Ogwirizana ndi anga." Anakwinya mkono wa malaya. "Koma itanani aja athawira ku mango. Aime pa zenera, aone ndi maso awo."

Anaimadi pa zenera, mitu itathinana. Anaona singano ikulowa m'mkono wa Haswell, botolo likudzaza, kenako botolo lomwelo litapachikidwa pamwamba pa Danwell, magazi akutsika m'kapaipi pang'onopang'ono. Mmodzi anagwira pakamwa. Pofika madzulo Danwell anatsegula maso n'kupempha madzi.

Lamlungu lotsatira Haswell anapalasa njinga mpaka kumudzi kumene sanapondeko chimwalirire Faides. Anadikira anthu atuluke m'tchalitchi, n'kuima pa chulu.

"Monire mose. Mukundikumbuka, ndine munyama uja munamuotchera nyumba. Ndabwera kudzakuuzani kuti a Zimba akuchira. Magazi amene akuwayendetsa ndi anga. Funsani a Anderson, analipo."

Anderson anaweramitsa mutu. Haswell anakwera njinga n'kubwerera.

Danwell anatuluka m'chipatala patatha milungu itatu, ndipo kumudzi anapeza anthu akumulonjera ali chapatali, ati m'thupi mwake muli magazi a munyama. Pa maliro amuna ankamusiyira mbale yakeyake. Amayi ankakoka ana iye akamadutsa. Ku tchalitchi benchi imene wakhala inkakhala yopanda munthu, mpaka akuluakulu anamuuza kuti ayambe wapuma pa udindo wake wa mkulu wa mpingo. Mwana wa mnansi wake atadwala malungo n'kuyera m'maso, anthu anayamba kunong'onezana kuti wina wamuyamwa. Mwezi womwewo ng'ombe zake ziwiri anazipeza zitadulidwa mitsempha ya miyendo, ku dambo lija.

Mvula itayamba, Danwell anafika pa chipatala akutsimphina ndi ndodo. Anapeza Haswell akuwiritsa singano kuseri kwa nyumba. Anavula chipewa, zimene sanachitirepo munthu wa msinkhu wa Haswell.

"A Nyirenda, ndabwera kupempha. Chotsani magazi anu. Bayani pomwe munabaya paja, muwatenge."

"Ndikawachotsa mufa."

"Nanga adzatha liti?"

Haswell ankadziwa yankho. Thupi limapanga magazi ake. Miyezi inayi inali itadutsa, ndipo m'mitsempha ya Danwell munalibenso dontho la magazi a Haswell ngakhale limodzi. Akanatha kumuuza, akanathanso kupita naye kwa adokotala kuti akafotokozere mudzi wonse. Anavuula singano m'madzi owira, kuziyala pa nsalu imodziimodzi, kenako n'kumuyang'ana m'maso.

"Sakutha, a Zimba. Mudzapita nawo kumanda."

Danwell anatembenuka n'kumapita. Chaka chisanathe anasamuka ndi banja lake kupita kwa abale a Tryphena, tsidya la malire, kumene mbiriyo inakamupezanso. Haswell anamva izi kwa odwala ochokera kwa Kapichila, ndipo aliyense wofika kuchokera kumeneko Haswell ankamufunsa kaye za Danwell asanamufunse chimene chikumupweteka.