Mwana Wati Mufomate

Azakhali anga ndi telala. Kasitomala akabwera amamuyeza, n'kulemba manambala ndi choko pathebulo lodulirapo nsalu, n'kujambula ndi foni, kenako n'kupukuta. Choncho chiuno cha mayi aliyense m'dera lathu chili mufoni imeneyo, kuphatikizapo cha mkwatibwi wina ndi operekeza ake asanu ndi atatu, amene ukwati wawo unali Loweruka.

Lachitatu, makina awo osokera m'mphepete mwa nsalu anayamba kudula ulusi. Anagula ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo kabuku kake kali m'chilankhulo chimene palibe wa ife amachidziwa. Ndinali nditawaphunzitsa kucheza ndi chatiboti, pulogalamu ya pafoni yoyankha mafunso, yomwe iwo amaitcha Abambo Odziwa. Ndiye anajambula tsamba la kabukuko kuti Abambowo awamasulire. Chithunzi chinakana kulowa.

Anandiimbira ndili pamzere wokasiya kalata yofunsira ntchito. Anandiwerengera uthenga wachingerezi umene unatuluka, liwu limodzilimodzi ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Ndinamva msanga. Foni yawo imasunga zithunzi mumtundu umene chatibotiyo siilandira. Ndinawauza mothamanga kuti vuto ndi fomati basi, ndifika masana.

Ndili m'minibasi m'pamene ndinazindikira kuti ndalakwitsa. Kwa ine fomati ndi mtundu wa fayilo. Kwa azakhali, ndi kwa aliyense mumsewu wawo, kufomata ndi kufafaniza zonse, foni n'kutsala ngati yabadwa lero. Ndinaimba kanayi, osayankha.

Shopu yawo ndinaipeza yokhoma. Mayi wa saluni yoyandikana anandilozera ndi chipeso kwa wokonza mafoni. Ndinathamanga ndi nsapato zazitali, envelopu ya masatifiketi anga m'khwapa.

Azakhali anali pabenchi, tepi m'khosi, mtima uli m'malo. Wokonza mafoni, bambo wa magalasi omangidwa ndi waya, anali atagwira foniyo ngati mbale yotentha. Anandiuza kuti wawafunsa katatu ngati akutsimikiza, ndipo katatu konse amuyankha kuti walamula ndi munthu wophunzira. Kunangotsala kudina kamodzi.

"Mwafika bwino, a Digiri," anatero azakhali. "Auzeni nokha, ine sakundikhulupirira."

Ndinalandira foniyo ndi manja awiri, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka batani lofafanizira litachoka. Kenako ndinawafotokozera zomwe zikanachitika. Anayamba kuwerenga operekeza aja pazala. Awiri amakhala kutali, adzafika Lachisanu madzulo. Wina anachita kunyengereredwa kuti ayezedwe koyamba komwe, ndipo nambala yake anaitsutsa.

"Nanga unanenerenji kuti fomati?"

"Ndi fomati ina, azakhali."

"Zilipo ziwiri? Ndiye kusukuluko anakupatsa yolakwika."

Wokonza mafoni anaseka mpaka anavula magalasi.

Njira yake sinali yayitali. Ndinatsegula chithunzi cha tsamba lija n'kujambula sikirini, poti chithunzi chojambula motero chimasungidwa mumtundu umene chatibotiyo imalandira. Chinalowa pomwepo. Azakhali anafunsa ngati zaka zinayi zonse za kukoleji ndinkaphunzira kujambula chithunzi cha chithunzi. Ndinati ayi, chimenecho chinali chaka chachitatu chokha.

Abambo Odziwa anamasulira kuti ulusi uyenera kudutsa pakati pa timbale tiwiri toukhwimitsa. Wa azakhali unkadutsa kumbuyo. Titafika pashopu anaukonza osakhala n'komwe pansi, makina n'kuyamba kulira bwinobwino. Iwo anati anali akukayikira kale zomwezo.

Ndinatola envelopu yanga kuti ndizipita, koma anandigwira mkono n'kundikhazika pampando wa makasitomala. Anatulutsa kope ndi cholembera m'dilowa kuti ndikopere miyezo yonse, foni n'kuitsamiritsa pachitini cha mabatani. Zithunzi za miyezo zinalipo mazana anayi ndi zina.

"Yambira mkwatibwi," anatero, nsalu yoyera ili kale pansi pa singano. "Manambala akuluakulu, ndiziona ndili kuno."